Lamduan ndi Malole a Nzimbe

Lamduan anabadwira m'mudzi wa m'mphepete mwa msewu waukulu, msewuwo usanathiridwe phula. Bambo ake ankalima mpunga, ndipo mayi ake ankaotcha nkhuku n'kumagulitsa kwa anthu a m'mabasi pamodzi ndi mpunga womata wa m'timadengu. Chaka chimene boma linathira phula, mudzi wonse unavina. Amonke a kukachisi anabwera kudzawaza madzi pamsewupo, ndipo ana ankagona chagada paphula dzuwa likapendeka kuti amve kufunda kwake. Sipanapite nthawi, msewu womwewo unayamba kudya. Unayamba ndi agalu ndi njati zolimira, kenako unatenga bambo wina woledzera, kenako mwana amene anatumidwa mchere kutsidya. Mayi ake a Lamduan unawasiya ndi moyo, koma unawaphwanya chiuno tsiku lina akuthamangira basi nkhuku zili m'manja, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda chokoka mwendo.

Anthu a m'mudzimo ankati ndi tsoka chabe, aliyense ali ndi tsiku lake. Lamduan sankavomera. Anali mwana wamakani, wofunsa mafunso mpaka akuluakulu kutopa naye, ndipo kusukulu mutu wake unkagwira. Pakhomo panalibe mphamvu zophunzitsa ana awiri, choncho mlongo wake wamng'ono, Sanit, anasiya sukulu n'kutsatira bambo awo kumunda kuti iye apitirize. Anakafika mpaka ku yunivesite, kumene anaphunzira za misewu.

Ntchito ya m'boma anaiyambira pa desiki yoona za ngozi za pamsewu, imene aliyense ankaithawa chifukwa panalibe chonyambita. Zaka zinapita akuzungulira chigawo chonse pa njinga yamoto, kuyang'ana malo amene magalimoto agundana, kufunsa apolisi, kufunsa anamwino, kufunsa amayi ogulitsa m'mphepete mwa msewu amene amaona zonse koma safunsidwa ndi munthu. Anakwatiwa ndi mphunzitsi wofatsa, Prayat, amene ankanena moseka kuti mkazi wake amadziwa makona a misewu kuposa makona a nyumba yake. Mwana sanakhale naye. Imvi zitayamba kuoneka, mkulu wa nthambi yoona za chitetezo cha pamsewu m'chigawocho anapuma pantchito, ndipo popeza panalibe wina woufuna mpandowo, unagwera Lamduan.

Anapeza kuti udindowo unali wa zithunzi. Chaka chilichonse, nyengo ya chikondwerero cha chaka chatsopano, pamene anthu amathirana madzi m'misewu mowa uli m'mutu, ofesi yake inkakhoma matenti m'mphepete mwa msewu. Bwanamkubwa wa chigawo ankabwera kudzadula riboni, ana asukulu ankavekedwa zisoti zatsopano za panjinga yamoto n'kuimikidwa pamzere, wojambula n'kujambula. Bwanamkubwa akangokwera galimoto, zisotizo zinkavulidwa n'kubwezedwa m'makatoni kuti mawa lake zikagwire ntchito yomweyo kudera lina. Chaka chake choyamba, Lamduan anauza anawo kuti apite nazo kwawo. A kulikulu anamudzudzula kuti akumwaza katundu wa boma.

Koma chimene chinkamudya mumtima kwenikweni chinali tauni ya Don Makha, kumene mwamuna wake ankaphunzitsa. Kuseri kwa tauniyo kunali fakitale ya shuga, ndipo njira yokhayo yopita kumeneko inkadutsa pakati pa msika ndi sukulu. Nyengo yodula nzimbe ikafika, malole ankabwera motsogozana ngati linthumbu, lililonse likukoka ngolo kumbuyo, nzimbe zitaunjikidwa mpaka kukhudza mawaya a magetsi. Zina zinkagwera pansi, matayala n'kuziphwanya, ndipo msewu unkaterera ngati therere. Madalaivala ankalipidwa pa ulendo, ndiye kugona kunali kudzimana chakudya. Ankameza timapiritsi tochotsa tulo n'kumathamangitsana kuti akapeze malo pamzere wa pageti la fakitale. Panalibe nyengo imene inkatha utsi wotentha maliro usanakwere pakachisi chifukwa cha munthu wopondedwa ndi lole. Mmodzi mwa madalaivala amenewo anali Sanit, amene tsopano anali ndi banja ndi ana.

Abwanamkubwa okalamba ankamumvetsera Lamduan akugwedeza mutu, kenako n'kumuuza kuti nkhaniyo aipangira komiti. Mwayi unabwera pamene m'chigawomo munafika bwanamkubwa watsopano, wachinyamata, wanjala yotchuka. Lamduan anamufotokozera kuti sakupempha zambiri. Malole asamadutse m'tauni m'mawa ana akamapita kusukulu ndi masana akamaweruka, ndipo polowera paikidwe sikelo kuti lole lodzaza mopitirira lizibwezedwa.

"Zimenezi zituluka m'nyuzipepala?" anafunsa bwanamkubwayo.

"Zituluka, bwana."

"Bweretsani ndisaine."

Nyengo yonseyo Lamduan ankapezeka pasikelo yekha, atavala chipewa chachikulu cha alimi, pakuti ankadziwa kuti akangotembenuka, sikeloyo iyamba kuwerenga mwaulemu. Khungu lake linapsa ndi dzuwa, mawu ake anasasa chifukwa cha fumbi. Chaka chimenecho ku Don Makha sikunafe munthu pamsewu. Prayat ankamuuza kuti ana ayamba kuwoloka akucheza, osati kuthamanga atagwira mtima m'manja.

Palibe amene anabwera kudzathokoza. Nzimbe zikadulidwa sizidikira munthu, zimauma n'kupepuka, ndipo alimi ankaona ntchito ya chaka chonse ikufota pamwamba pa malole oimikidwa padzuwa. Madalaivala maulendo awo anachepa. Dzina la Lamduan linayamba kutchulidwa m'malo omwera mowa, ndipo silinkatchulidwa lokha.

Tsiku lina anapita kumudzi kukaona mayi ake, amene tsopano anali amasiye. Anali atangokhala pamphasa, akusinja papaya ndi tsabola mu mtondo, pamene Sanit analowa pabwalo. Sanapereke moni.

"Bwana afika," anatero. "Mayi, yalani mphasa yatsopano, mkulu wa boma angadetse siketi."

"Khala pansi udye, Sanit," anatero Lamduan.

"Ndidye chiyani? Dzulo ndaima padzuwa mpaka mutu kuwira, nzimbe zikuuma kumbuyo, wapolisi akundiuza kuti ndi lamulo la Mayi Lamduan. Anzanga amandifunsa kuti, kodi amenewa si achemwali ako? Ndimawayankha kuti dzinalo ndimangolimva."

"Nthawi imene waimayo uzigonako. Maso akowo wawaona? Unagona liti?"

"Tulo n'ta anthu olandira pamwezi, achemwali. Ife tikagona, ana amagona ndi njala."

"Ndipo ukagona pachiwongolero, ana a anzako sadzukanso."

Sanit anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Zaka zonsezi ndayendetsa, ndinapondapo ngakhale nkhuku ya munthu? Ine ndinasiya sukulu kuti inu muphunzire. Sindinkadziwa kuti mukukaphunzira kutseka njira yanga."

Anatenga mpunga pang'ono m'kadengu, anauumba m'manja ataimirira, kenako anaubweza n'kutuluka. Phokoso la njinga yake yamoto linazilala. Kenako mayi awo anasendera pafupi ndi Lamduan, akukoka mwendo wawo uja, n'kumugwira dzanja.

"Mwana wanga, sungamulole iye yekha kuti azidutsa? Ndi mlongo wako. Angadziwe ndani?"

Pa zonse zimene anthu anamunenera chaka chimenecho, mawu amenewa ndi amene anamupweteka kwambiri. Anayankha kuti sizingatheke, ndipo mayi akewo anamusiya dzanja.

Mwini fakitale sanabwere kudzamuopseza. Anali munthu waulemu, womanga makalasi ndi kupereka mphatso kukachisi. Anamutumizira dengu la mango ndi uthenga womuyamikira pa ntchito yabwino. Kenako anaitana alimi n'kuwauza, nkhope ili yachisoni, kuti nzimbe zofika zitauma azizigula motsika, ndipo kuti amene watseka msewu si iye. Patangopita masiku ochepa, mabasi anatsitsa khamu la alimi pabwalo la ofesi ya bwanamkubwa. Aliyense anapatsidwa chikwangwani ndi kabokosi ka chakudya chamasana. Lamduan anayang'ana pawindo n'kuona dzina lake litalembedwa ndi penti yofiira, ndipo pansi pa mtengo anaona azakhali ake enieni, amene anamubereka kumbuyo ali khanda, akudzikupiza ndi chikwangwani chonena kuti achoke.

Mawa lake bwanamkubwa anamuitana. Anamulandira ataimirira, n'kumuthirira yekha tiyi.

"Mayi Lamduan, ndili ndi nkhani yabwino. Kulikulu aiona ntchito yanu. Akufuna mupite ku Bangkok mukakhale mlangizi wamkulu."

"Ndikalangiza ndani, bwana?"

"Zimenezo akakuuzani komweko."

"Nanga lamulo lija?"

"Tiliimitsa kaye pang'ono kuti tiliunikenso. Mutu ukakula sulewa nkhonya, mayi, zimenezo ndikudziwa. Koma si nzeru kuuika dala pamene nkhonya ikubwera."

"Nkhonyayo sikubwera kwa inu kapena kwa ine, bwana. Ikubwera pakona ya msika."

Bwanamkubwayo anamwetulira ngati sanamve, n'kufunsa ngati tiyi ali ndi shuga wokwanira. Pomutsanzika anamukonzera phwando, anamuveka maluwa m'khosi, ndipo anthu omwe ankamunena anaimirira mmodzimmodzi kufotokoza mmene adzamusowere.

Ku Bangkok anamupatsa desiki m'chipinda cha pamwamba, chozizira bwino, mmene munali akuluakulu ena ochotsedwa m'zigawo zawo. Wina anachotsedwa chifukwa cha kuba, wina chifukwa chokana kuba, ndipo onse ankamwa tiyi wa m'ketulo imodzi. Ntchito munalibe. Bambo wina ankaweta tinsomba tolimbana m'mabotolo pansi pa desiki yake, ndipo anamulangiza Lamduan tsiku loyamba lomwe kuti apeze chomutangwanitsa, apo ayi adzayamba kuyankhula yekha. Iye sanamvere. Ankalemba malangizo okhudza malole a nzimbe n'kumawatumiza kwa akuluakulu, ndipo akuluakuluwo ankamuthokoza mwaulemu akakumana naye pamasitepe. Prayat anatsala ku Don Makha ndi ana ake a sukulu. Lamduan ankapita kukamuona pakutha pa mwezi, ndipo basi ikamadutsa pamene panali sikelo paja, ankaona mayi wina atayalapo mavwende.

Nyengo yotsatira ya nzimbe, masana ena, foni yake inalira. Anali Prayat, koma mawu ake anali ngati a munthu wina.

"Lole lagwera galimoto ya ana pakona ya msika. Amangoweruka kumene."

Lamduan anaimirira osadziwa kuti waimirira.

"Ana ali bwanji?"

"Anthu akufukulabe." Kumbuyo kwa mawu a Prayat, Lamduan ankamva kulira kwa amayi chapatali. "Pali chinanso. Woyendetsa ndi Sanit."

Zimene zinachitika anazimva atafika. Sanit anasinza pachiwongolero, n'kudzidzimuka kona itafika kale. Anaponda mabuleki, ngolo inapendama, ndipo nzimbe zonse zinakhuthukira pa galimoto yotengera ana kumidzi, imene inali itaima m'mbali kudikira wotsala. Anthu a pamsika anafukula ndi manja mpaka zala kutuluka magazi. Ana ena anatuluka amoyo, ena ayi. Atatu mwa omwalirawo anali a m'kalasi ya Prayat. Sanit anangokandika pamphumi. Madalaivala ambiri zikatere amathawira m'minda kuopa kuphedwa, koma iye anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, manja ali m'mutu, mpaka apolisi anabwera kudzamunyamula.

Prayat anapempha mkazi wake kuti asapite kumaliro. Lamduan anavala zakuda n'kupita. Atangolowa pabwalo la kachisi, phokoso linatsika ngati mvula yakata. Mabokosi anali atandandalikidwa kutsogolo, lililonse ndi chithunzi cha mwana wovala yunifolomu. Anayenda kuti akagwade n'kuyatsa lubani, koma mayi wina anaimirira n'kumutsekera njira. Lamduan anaikumbukira nkhopeyo. Anaiona pawindo tsiku la zikwangwani lija, kutsogolo kwenikweni.

"Inu munkadziwa," anatero mayiyo, osakweza mawu. "Munkadziwa kuti malole awa adzatiphera ana. Ndiye munanyamuka kupita ku Bangkok kukadya bwino, n'kutisiyira mlongo wanu."

Yankho linali pakamwa pa Lamduan, lathunthu, lakuthwa. Akanatha kumufunsa mayiyo kuti chakudya cha m'kabokosi chija chinakoma bwanji. Koma anayang'ana chithunzi chimene chinali kumbuyo kwake, cha kamtsikana kochoka mano akutsogolo, ndipo analimeza yankholo. Anagwada pafumbi, anaphatikiza manja n'kuweramitsa mutu mpaka mayiyo anatengedwa ndi abale ake.

Chakumasana kunafika magalimoto. Bwanamkubwa anatsika ndi nkhata ya maluwa yaikulu moti anainyamula anthu awiri, atolankhani ali pambuyo. Analankhula misozi ili m'maso. Anati monga kholo sangalole kuti zoterezi zichitikenso, ndipo analengeza kuti waganiza zoletsa malole kudutsa m'tauni nthawi ya ana asukulu, komanso zoika sikelo polowera. Anthu anang'ung'udza movomereza. Mwini fakitale, amene analipira mabokosi ndi chakudya chonse cha pamaliropo, anali pampando wakutsogolo akugwedeza mutu. Lamduan anamvera zonsezi ali kuseri, pakati pa amayi otsuka mbale, ndipo palibe amene anatchula kuti lamulolo linakhalapo kale.

Mlandu wonse unagwera Sanit. M'khoti simunatchulidwe za malipiro a pa ulendo, kapena za amene ankagulitsa timapiritsi pageti. Anavomera zonse ndipo anamupatsa zaka zambiri. Lamduan anapita kundende kukamuona. Anamupeza atametedwa mpala, atawonda, akuyang'ana pansi kuseri kwa waya.

"Nenani, achemwali," anatero Sanit. "Mwabwerera zomwezo. Nenani kuti munandiuza."

"Ndabwera ndi mpunga ndi nsomba. Mayi aphika okha."

"Nenani basi. Mwina ndingapepukidwe."

"Sindinena."

Sanit anapukuta mphuno ndi mkono.

"Tulo tija munkandifunira kuno tilipo tambiri, amatigoneka ngati nkhuku. Koma ndikangotseka maso ndimamva nzimbe zikukhuthuka." Kenako anafunsa, "Alamu ali bwanji?"

"Sakuyankhula kwambiri."

"Mukawauze kuti..." Sanamalize. Lamduan anadikira, koma nthawi inatha, ndipo msilikali wa ndende anawatulutsa.

Atabwerera ku Bangkok anapempha kuti amubwezere pampando wake wakale, popeza lamulo lake linali litabwerera. Anamuyankha kuti mpandowo uli ndi munthu kale, komanso kuti sizingaoneke bwino kuti mchemwali wa dalaivala uja atsogolere nkhani za chitetezo m'chigawo chomwecho. Anakhala m'chipinda chozizira chija zaka zina zingapo, ndipo anasiya kulemba. Tsiku lina anazindikira kuti wathera m'mawa wonse akuonerera tinsomba ta mnzake tikutukumulirana m'mabotolo. Sabata yomweyo anapempha kupuma pantchito nthawi isanakwane. Anamupatsa chikalata chaulemu cha m'galasi, ndipo dzina lake analilemba molakwika.

Kumudzi anapeza zambiri zitagwa. Prayat anali atasiya kuphunzitsa, chifukwa sankatha kuyang'ana mabenchi a m'kalasi mwake, ndipo ankathera tsiku akusamalira mitengo ya mandimu kuseri kwa nyumba. Mkazi wa Sanit anapita kukagwira ntchito m'mafakitale a kunyanja, n'kusiya ana m'manja mwa Lamduan, amene anawalera mpaka kukula. Mayi awo anamwalira Sanit ali m'ndende. Mpaka tsiku lomaliza ankafunsa ngati Lamduan, ndi maudindo ake onse aja, sangalankhule ndi munthu wina kuti mlongo wake atuluke.

Lamulo la malole linagwira ntchito nthawi yonse imene bwanamkubwa uja anali m'chigawomo. Linamupezetsa mendulo, ndipo mendulo inamupezetsa mpando waukulu kulikulu. Wolowa m'malo mwake anapeza mitengo ya shuga itatsika, alimi akudandaula. Sanalichotse lamulolo. Anangolola kuti masiku otanganidwa lizipumulako, ndipo nyengo ya nzimbe masiku onse ndi otanganidwa. Chikwangwani choletsa chilipobe polowera m'tauni, chitachita dzimbiri.

Sanit anatuluka tsitsi lonse litayera. Lamduan anakamutenga yekha pa kagalimoto kake kakale. Anamugulira malaya atsopano, koma anamukulira, moti anakhala pampando ngati mwana wovala za bambo ake, kathumba kapulasitiki kali pamiyendo. Anacheza pang'ono za ana, za mvula, za amene anamwalira m'mudzi. Njira yakwawo inkadutsa ku Don Makha, ina kunalibe.

Atayandikira tauniyo anapeza lole la nzimbe kutsogolo kwawo, likukoka ngolo, katundu atapendamira mbali imodzi. Inali nthawi yoweruka, ndipo m'mphepete mwa msewu munali ana ovala malaya oyera akuyenda m'timagulu. Nzimbe imodzi inapulumuka pamwamba n'kugwera pamsewu. Lamduan anasuzumira kuti aone ngati angalipitirire.

"Musalipitirire, achemwali," anatero Sanit. "Lisiyeni lipite."

Lamduan anachepetsa liwiro. Anayenda pambuyo pa lolelo pang'onopang'ono, kudutsa sukulu, kudutsa msika, kudutsa kona ija. Sanit anali atagwira chitseko ndi manja onse awiri, maso ali pa ngolo, ndipo sanachisiye mpaka lole linakhotera kufakitale.

Masiku ano onse awiri amakhala pakhomo pa makolo awo. Sanit sanagwirenso chiwongolero, amathandiza mlamu wake ku mandimu. Ofesi ya chitetezo cha pamsewu ija imatumiza munthu chaka chilichonse kudzaitana Lamduan kumwambo wodula riboni, kuti akakhale kutsogolo monga mkulu wopuma. Iye amamupatsa madzi akumwa mlendoyo, n'kumuuza kuti miyendo ikumuvuta.